Mpando wa Wopereka Abale

Liao Wan-fa adamulakwira Pan Chin-shui pa tsiku limene Mulungu wa Nkhope Yofiira amanola lupanga lake, chaka chija adatseka doko la malasha ku Keelung. Sadamumenye, sadamutukwane, sadamupise m'thumba. Adangomugwira pamkono bwinobwino ngati mbale, nkumuyendetsa, nkumukhazika pampando. Basi. Wosadziwa za Phiri la Nangula akhoza kuseka kuti nanga mlandu uli pati pamenepa, koma Pan akadakonda Liao akadangomubaya ndi mbedza yokokera matumba.

Phiri la Nangula si phiri la miyala ayi. Ndi chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zingwe ndi maukonde kuseri kwa msika wa nsomba, pamodzi ndi abale olumbira amene amakwera masitepe ake. Adaliyambitsa ndi anthu osenza katundu padoko, anthu oti akathyoka msana kapena akafa padalibe wowayang'ana. Pan ndi Liao adalowamo tsiku limodzi ali anyamata akuda bii ndi fumbi la malasha. Adavula nsapato za kuntchito nkuvala nkhwaila ya udzu phazi limodzi, monga adathawira makolo a gululo. Adakwawa pansi pa malupanga awiri opingasa. Adawabaya chala, magazi awo nkudonthera m'mbale imodzi ya mowa wa mpunga pamodzi ndi magazi a tambala, ndipo adamwera mbale yomweyo, Pan poyamba, Liao pambuyo. Potuluka Liao adasanza pamasitepe, Pan nkukolopa msanga kuti akulu asaone.

Mipando ya m'Phiri ilipo khumi ndipo uliwonse uli ndi chizindikiro chake. Wolowa kumene amayambira pa wakhumi, wa tsache. Amasesa, amatsuka makapu, amasenza bokosi la maliro a mbale amene sadamuonepo ndi nkhope yomwe. Pamwamba pake pali wa nkhwaila, woyenda ndi uthenga kaya kukugwa mvula. Kenaka wa nyali, wochezera odwala. Munthu amakwera choncho pang'onopang'ono, imvi nazo zikukwera. Wachisanu ndi wa mbendera yofiira, ndipo ndiye yekha woitana dzina la munthu pamaso pa guwa. Dzina limene iye sadaliitane ndiye kuti Mulungu sadalimve, ndipo mwini wake sakwera. Wachitatu amasunga mbiya ya mpunga wodyetsa amasiye ndi olumala, ndipo mu mpungamo amazikamo sikelo yoyeza mtima, kalilole woonetsa nkhope yeniyeni ndi lumo lodula bodza. Pa wachiwiri pamakhala Mulungu wa Nkhope Yofiira mwini wake, fano lake losema la ndevu zofika pamimba, pakuti nayenso m'masiku ake adali wachiwiri pa abale olumbira ndipo adalola kudulidwa mutu osapereka mbale wake. Woyamba ndi wa mkulu wa Phiri.

Wachisanu ndi chiwiri sautchula. Akamawerenga amaudumpha. Akulu amanena kuti makolo a gululo adali amonke, anthu odzipatula kukapemphera kuphiri, odziwa nkhondo, amene adapulumutsa mfumu yaikulu kwa adani ake nkukana mphotho. Mfumu idayamba kuwaopa, monga amachitira mafumu ndi munthu wosagulika. Mmonke wachisanu ndi chiwiri adaswa nyali ya paguwa ataledzera, akulu adamukwapula nkumuthamangitsa, iye nkupita kukalozera asilikali njira yobisika. Nyumba idapsa ndi anthu omwe. Adapulumuka asanu okha, nkhwaila phazi limodzi, ndipo ndiwo adalumbira lumbiro loyamba. Kuyambira pamenepo mpando wa wopereka abaleyo umaima pamzere ndi inzake, koma womangidwa chingwe cha udzu kuchokera dzanja ili kufika dzanja ilo, ndi mbale yovundikira pamwamba. Lamulo lake ndi lalifupi. Wokhalapo wadzitchula yekha kuti ndi wopereka abale. Lubani wake amamuthyola, dzina lake amalichotsa pakhoma, ndipo sakweranso masitepe.

Khomalo ndilo lidali moyo wonse wa Pan. Pamenepo pamapachikidwa timatabwa ta maina a abale, ndipo m'mawa uliwonse wina amatiyatsira lubani, pa zikondwerero nkutiikira mpunga, nyama ndi mowa. Munthu amene ali ndi mwana wamwamuna sasamala kwambiri za khomalo chifukwa ali ndi womudyetsa akafa. Pan adali naye mmodzi, koma adamira ndi boti la asodzi asadakwatire. Mkazi wa Pan adamutsatira kumanda. Adatsala ndi Hsiu-mei yekha, ndipo lubani wa mwana wamkazi wokwatiwa amapita kwa makolo a mwamuna wake. Ndiye Pan atafika pa mpando wachisanu adakasemetsa kathabwa kake ka mtengo wonunkhira, adalembetsa dzina, nkuliphimba ndi pepala lofiira monga amachitira amoyo. Adakhoma yekha msomali. Ng'ala itamuphimba maso onse awiri ankapitabe kukakakhudza ndi chala, mtima nkukhala pansi. Ankadziwa kuti tsiku lina wina adzamatula pepalalo ndipo iye sadzakhala mzimu wanjala woyendayenda m'misewu.

Kenaka kudabwera Tsao, mwini malole onyamula makontena, malole omwewo amene adathetsa ntchito ya anthu osenza pamsana. Namondwe atasasula denga la Phiri, Tsao adatumiza amisiri ake, pasadathe nthawi denga lili mbee. Palibe adamupempha. Pan atamva adangoti nyambo yabwino chonchi mbedza yake iyenera kukhala yaikulu.

A Yeh, mkulu wa Phiri, adamuitana ku tiyi. Adatsuka timakapu, adathira, adataya, adathiranso, akufunsa za mawondo, za Hsiu-mei, za mtengo wa nsomba. Pan adawasiya azungulire mpaka atatopa.

"Achisanu, dengali mukuliona?"

"Sindiona, Achimwene Aakulu. Mukudziwa."

"Chabwino, koma simukunyowa."

Pamenepo ndi pamene adatulutsa nkhani. Mpando wachitatu udali wopanda munthu chimwalirire mwini wake, ndipo Tsao ankaufuna. Ankafuna kulumbira m'mawa, masana nkukhala pafupi ndi Mulungu, mbiya ya mpunga ili m'manja mwake. Zonse zidzachitike pa tsiku lonola lupanga, alendo ake akuona. Chotsala chidali pakamwa pa Pan basi.

Pan adayankha kuti tsache lili kuseri kwa chitseko, ndipo silidakanepo munthu. A Yeh adaseka, amvekere munthu wa malole onse aja angasese pamaso pa madalaivala ake?

"Ine ndidasesa," adatero Pan. "Inunso mudasesa, ngakhale munkasiya fumbi m'makona."

A Yeh adakumbutsa kuti ngakhale kale kudali anthu okwezedwa tsiku limodzi chifukwa cha zabwino zimene adachitira Phiri. Pan adavomera kuti adalipo mmodzi, munthu amene adabisa abale m'denga la nyumba yake asilikali akusaka khomo ndi khomo, ana ake omwe ali m'nyumbamo. Uyo adapereka khosi, uyu wapereka malata. Adawakumbutsanso za mbale wawo Hsu, amene mwendo wake udaphwanyidwa pabwalo la malole a Tsao, nkuchotsedwa ntchito bala lisadapole. Mwendowo adaudula. Munthu wotere ndiye agwire sikelo yoyeza mtima? A Yeh adangoti tiyi wazizira.

Tsao adabwera yekha kunyumba kwa Pan, atanyamula bokosi la zipatso. Adakhala pa kampando kotsimphina osadandaula, adamutchula Pan kuti atate, adayamikira chithunzi cha malemu mkazi wake. Mawu ake adali ofewa ngati a namwino. Adati ku Taipei kuli dokotala mnzake amene amachotsa ng'ala ngati akusenda dzira, munthu kulowa m'mawa, madzulo akuwerenga nyuzipepala. Galimoto ilipo, zonse zilipo, asavutike ndi kanthu.

Pan adaganiza za nkhope ya mdzukulu wake imene adali asadaione bwino. Adaganiza nthawi yaitali ndithu, ndipo musamve wina akunena kuti sizidamupweteke.

"Bwana Tsao," adatero, "maso anga akatseguka ndidzakuonani bwino. Simudzakondwa."

Zipatso adazibweza ndi mwini wake.

Sabata yomweyo Liao adamupeza pa benchi ya mayi wogulitsa msuzi wa nkhumba pafupi ndi kachisi, pamene ankadya masana aliwonse. Liao adali Wachisanu ndi chimodzi, mpando woyandikana ndi wa Pan. Moyo wonse adakhala sitepe imodzi kumbuyo kwake, ndipo ankaiseka yekha nkhaniyo.

"Wakhungu iwe, ndamva wathamangitsa dokotala. Ukufuna ufe usadaone mmene ndakongolera?"

"Ndidakuona uli mnyamata, zidandikwana."

Adaseka onse awiri. Liao adati wachita bwino, a Yeh akalamba ndipo ndalama zawalowa m'maso, koma Phiri si sitolo. Adati abale akale onse ali pambuyo pa Pan, ndipo tsikulo iye adzakhala pambali pake, asaope. Chibale ndi fupa, sichiola. Akulankhula choncho ankatafuna mtedza wokazinga, kukukuta ngati khoswe m'denga. Pan adatchera khutu. Liao adakhala zaka zambiri alibe mano, nyama ankachita kuyamwa.

"Mano amenewo wawatola kuti?"

"Mkamwini wanga. Wachita manyazi kundiona ndikudya phala ngati khanda."

Pan ankamudziwa mkamwiniyo, munthu woti sangakugawire ndi chotokosera mano chomwe. Ponyamuka Liao adalipira msuzi wa onse awiri, chinthu chimene sadachitepo chibadwire. Pan adapita kunyumba mtima ukumuuza zinthu, iye nkumaukalipira. Adakayikira a Yeh, adakayikira Tsao, adakayikira achinyamata onse a m'Phiri, koma munthu amene adamukolopera masanzi adamusiya kunja kwa chikayiko. Adaganiza kuti zikavuta kwambiri adzamukakamiza, adzamunyoza, mwina adzamulanda mbendera m'manja. Zimenezo adazikonzekera. Mbendera akhoza kutenga, kathabwa kadzatsala pakhoma.

Tsikulo kudagwa mvula monga mwa chaka chilichonse, madzi a Mulungu onolera lupanga. Pan adavala malaya ake akuda a mabatani ansalu, adatenga mbendera yofiira yokulungidwa pandodo yake, nkukwera masitepe yekha. M'chipindamo sankafuna womutsogolera. Ankatsata khoma ndi dzanja, nkudutsitsa zala pa manja a mipando, ndipo wake ankaudziwa ndi mng'alu wa kudzanja lamanzere. Wa chingwe uja zala zake zinkaulambalala zokha.

Koma atafika pamwamba adapeza chipinda chachilendo. Kunkanunkha penti. Pansi adayalapo matailosi oterera. Guwa adalisunthira kukhoma lina kuti apeze malo a makina ozizitsa mpweya, ndipo mipando idatembenuka nalo. Anthu okongoletsa amene Tsao adawalemba ganyu adaiveka yonse nsalu zofiira zofika pansi, moti m'maso mwa Pan idali chifunga chimodzi chofiira. Anthu adadzaza, mawu ambiri osawadziwa, ng'oma ikulira, fodya ali tolo. Adaima pakhomo dzanja lili m'mwamba, likufuna khoma limene lidabisika kuseri kwa nkhata za maluwa.

Pamenepo Liao adamugwira pamkono.

"Asintha zonse agalu amenewa. Gwira ine, ungagwe pamaso pa alendo."

Pan adathokoza. Adayenda naye pakati pa anthu, Liao akumuuza kuti apa pali waya, apa ponda bwino. Liao adamutembenuza mapewa, nkumukankhira pansi pang'onopang'ono monga ukhazikira munthu wodwala. Pan adakhala, adagoneka mbendera pamiyendo, adapuma. Kenaka mwachizolowezi adalowetsa dzanja lamanzere pansi pa nsalu kufuna mng'alu wake. Mng'alu padalibe. Chala chake chidapeza kamzere kozungulira dzanja la mpando, kosalala, pamene chingwe chidadya mtengo kwa zaka zonsezo.

Adayesa kudzuka. Mawondo a munthu amene adasenza malasha moyo wake wonse sadzuka msanga. Ng'oma idaleka.

"Achisanu," adatero a Yeh, mawu awo akumveka mpaka kumasitepe, "mwakhala pati?"

Wina adakweza nsalu ija. Pansi pa mpando padali mbale yovundikira ndi chingwe cha udzu chokulungidwa bwinobwino. Alendo a Tsao adayamba kunong'onezana, kufunsa kuti chachitika nchiyani, ndipo panali anthu okonzeka kale kuwafotokozera.

Pan adaimirira tsopano. Adanena mosakuwa kuti iye saona, zimenezo akuzidziwa aliyense mpaka galu wa pamsika, ndipo amene wamukhazika pamenepo ndi Wachisanu ndi chimodzi. Adafunsa kuti adamasula chingwe ndani, adachotsa mbale ndani, pakuti chingwecho sichimasuka chokha. A Yeh adati za chingwe azifufuza pambuyo, mwina ndi okongoletsa aja osadziwa mwambo. Adamuitana Liao kuti aime pamaso pa guwa anene zoona.

"Ndidawasiya pa mpando wawo, Achimwene Aakulu," adatero Liao. "Ndangotembenuka kupatsa moni alendo, ndapeza asuntha."

"Wan-fa," adatero Pan, "tidamwera mbale imodzi."

Pan adangomva mano atsopano aja akugundana.

Adatembenukira kumene ankamva kupuma kwa abale akale nkufunsa ngati panalibe ndi mmodzi yemwe amene adaona. M'chipindamo mudali anthu oposa amene amalowa m'basi, onse a maso awiriawiri. Wina adatsokomola. Wina adakoka mpando. Pan adapempha tsono kuti amupatse timatabwa toombezera aponye pamaso pa Mulungu, iye ndi Liao, Mulungu anene yekha wabodza ndani. A Yeh adayankha kuti wokhala pa mpando umenewo salankhula ndi Mulungu.

"Si inu nomwe mwakhala mukutiphunzitsa kuti lamulo silikhota, Achisanu? Sabata yathayi mwandiphunzitsa ine za tsache. Lero mukufuna likhote chifukwa lagwera inu?"

Mawu amenewa ndiwo amamuwawa Pan mpaka lero. Lamulolo adalinena yekha ndi pakamwa pake kwa aliyense wolowa kumene, ndipo sadaikepo mawu oti pokhapokha ngati munthuyo ndi wakhungu. Sadaganizepo kuti mawu otere angafunike pakati pa abale.

A Yeh adatenga kamtengo ka lubani, adakayatsa, adatchula dzina la Pan Chin-shui, nkukathyola pakati. Kamtengo kochepa ngati udzu, koma kulira kwake kudamveka chipinda chonse. Anthu awiri adabwera kudzatenga mbendera. Pan adaikanirira, iwo adakoka, ndipo atamva ulusi ukuyamba kuthetheka adaisiya, chifukwa mbenderayo adaisoka ndi mkazi wake. Palibe adamugwira mkono potsika. Ali pakati pa masitepe adamva ng'oma yayambanso, kenaka mawu a Liao akuitana dzina la Tsao pamaso pa Mulungu. Adasokoneza mawu ake kawiri konse, kudumpha mzere wonse wa amonke asanu, koma palibe adamudzudzula. Kunja mvula idali ikugwabe.

Kathabwa kadabwera mawa lake. Adakakulunga m'nyuzipepala nkukasiya pakhomo, osagogoda. Pan adakapeza ndi phazi.

Sadakhale pansi. Adayenda nyumba ndi nyumba kwa abale akale ndi ndodo yake. Wina adati adali kuchimbudzi. Wina adati maso ake nawonso ayamba. Wina adatuma mkazi wake kukanena kuti wachoka, Pan akumumva akutsokomola kuchipinda. Pomaliza adafika kwa Hsu wa mwendo umodzi uja, amene Pan adamumenyera nkhondo pa tiyi wa a Yeh. Hsu adamulowetsa, adatseka chitseko, nkumuuza zonse. Adamuona Liao akumasula chingwe m'mawa anthu asadabwere. Adamuona akumuyendetsa kudutsa mpando wachisanu, kudutsa wa Liao mwini wake, nkumukhazika.

"Ndiye tiye ukanene pamwamba paja."

"Achisanu, mpunga wa m'nyumba muno ukuchokera m'mbiya. Mbiya ili ndi yani tsopano?" adatero Hsu. "Thumba la mwezi uno labwera lalikulu kuposa kale. Ndili ndi adzukulu atatu. Mundikhululukire."

Pan sadamukhululukire, koma sadamutukwanenso. Adatuluka.

Hsiu-mei atamva adalira, kenaka adakwiya, kenaka adati bambo ake asiye zimenezo, ndi masewera a nkhalamba, iye adzawayatsira lubani yekha. Adatenga kathabwa kupita nako kwawo kuti akakaike ngakhale pakona pa guwa la m'nyumba. Kadagonako masiku awiri okha. Apongozi ake aakazi adati maina a mabanja awiri pa guwa limodzi amabweretsa matenda kwa ana, mizimu imalimbirana mbale, ndipo ngati akufuna kudyetsa a kwawo abwerere kwawo. Hsiu-mei adakabweza atakabisa m'chikwama cha kumsika, pansi pa ndiwo zamasamba. Adanena za kachisi wina kuphiri kumene amonke amasunga maina a anthu opanda ana ukawalipira. Pan adati sadasenze maliro a abale moyo wake wonse kuti akadye kwa alendo ngati wa pa lendi.

Liao adakumana naye kamodzi kokha, pa benchi ya msuzi yomwe ija. Pan adamuzindikira ndi kakhosomole kake. Liao adafuna kubwerera, koma ndodo idamutchinga m'miyendo.

"Khala pansi, Achisanu atsopano. Mpando uwu ulibe chingwe."

Liao adakhala. Adayamba ndi kunena kuti zidachitika mwangozi, koma ataona nkhope ya Pan adasiya.

"Chin-shui, Phiri linkafa. Tidatsala nkhalamba zokhazokha, iwe sunkaona koma ine ndinkaona. Tikadatha tonse, lubaniyo akadayatsa ndani? Khoma lonse lija likadapita kumoto ndi nyumba yomwe. Pano anyamata adzaza, madalaivala onse alumbira. Makolo akudya kuposa kale."

"Akudya. Nanga ine?"

"Ukadangoitana dzina. Dzina limodzi. Ukadakhala ndi maso, ndi mbendera, ndi msomali wako."

"Iwe uli ndi mano."

Liao adati iye adapempha kuti Pan angomulanda mbendera basi, koma akuluwo adamuyankha kuti Wachisanu sachotsedwa ali moyo pokhapokha atadzichotsa yekha, ndipo njira idali imodzi yomweyo. Adati sadaganize za kathabwa, zoona sadaganize, adakumbukira lubani atathyoka kale. Pan adamufunsa ngati angakwere masitepe kukanena zimenezo pamaso pa Mulungu. Liao adati msuzi wake ukuzizira, ngakhale adali asadaitanitse msuzi uliwonse. Adanyamuka nkupita, ndipo ulendo uno sadalipirire munthu.

Mwezi wa mizimu utafika, anthu a mumsewu wa Pan adatulutsa matebulo panja masana monga amachitira chaka chilichonse. Adaikapo mpunga, nkhuku, mabisiketi ndi zakumwa za m'zitini, pansi beseni la madzi ndi kathaulo, kuti mizimu yopanda kwawo isambe m'manja idye, ipitirire isalowe m'nyumba. Zaka zonse Pan ankadutsa matebulo amenewo osawalabadira. Chaka chimenecho adayenda pang'onopang'ono msewu wonse, akuima pa tebulo lililonse, akufunsa eni ake kuti aikapo chiyani. Mayi wina wa pa kona adamuuza kuti iye amaika ndi mowa womwe, chifukwa ambiri mwa osauka amenewa adali amuna a padoko. Pan adamufunsa ngati amatero chaka chilichonse. Mayiyo adati inde. Pan adafunsanso nambala ya nyumbayo kuti asaiiwale.

Madzulo a tsiku loyandamitsa nyali panyanja, magulu adadutsa mumsewu waukulu dzuwa lisadalowe. Hsiu-mei adaima ndi bambo ake m'mbali mwa msewu chifukwa adakana kukhala kunyumba. Atamva ng'oma imene ankaidziwa adamuuza kuti anene zimene akuona. Hsiu-mei adati palibe choti aone, koma Pan adamufinya dzanja. Ndiye adanena. Kutsogolo kudali Liao atavala malaya atsopano, mbendera yofiira ili m'mwamba, akumwetulira anthu. Pambuyo pake lole ya Tsao yokongoletsedwa ndi magetsi, Mulungu wa Nkhope Yofiira atamukweza pamwamba pake, Tsao atakhala pambali pake akugwedeza dzanja. A Yeh adali m'galimoto yotseka magalasi. Kumbuyo kwenikweni kunkabwera Hsu ndi ndodo zake, akuyesetsa kuti asatsalire.

"Mbendera yang'ambika pakona," adatero Hsiu-mei. "Sadaisoke."

Adaima mpaka ng'oma idazimirira kulowera kudoko, kenaka adabwerera kunyumba.

Liao Wan-fa akadali Wachisanu wa Phiri la Nangula. Pa msomali umene Pan adakhoma pali kathabwa ka bambo ake a Tsao, munthu amene sadakwerepo masitepe aja ali moyo. Mpando wachisanu ndi chiwiri adaumanganso chingwe, mbale adaivundikiranso. Kathabwa ka Pan Chin-shui kali pamwamba pa kabati m'chipinda chake, pafupi ndi chitini cha mankhwala a mawondo, pepala lofiira likadali pomwepo.